Shuga kutsika m'kati mwa mng'alu wa Wolfberg: lipoti la ulendo wa tsiku limodzi ku Cederberg

Lipotili ndalembera anzanga amene timatsogolera magulu m'mapiri, makamaka amene timatenga magulu a m'mipingo ndi a mabungwe a anthu akumudzi kuno ku Western Cape, ku South Africa. Likunena za mayi wina wa zaka za m'ma 50, wodwala shuga, amene anakwera phiri ku mapiri a Cederberg akusala kudya koma atamwa mapiritsi awo m'mawa. Shuga anawatsikira tili pakati pa mng'alu wopapatiza wa Wolfberg Cracks, pamalo pamene foni sigwira ndipo machira sangadutse. Mayina ndawasiya, ndipo mayiwo anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe.

Gulu, malo ndi dongosolo

Gululi linali la anthu 14, onse Amalawi a mpingo umodzi ku Cape Town, ambiri a iwo ogwira ntchito za m'nyumba, za m'magaladeni ndi za m'malesitilanti. Anasankha pa 24 Seputembala, Heritage Day, chifukwa ndi tchuti chimene mabwana ambiri amamasula antchito. Akuluakulu a m'gululo ankafuna kukaona maluwa a m'tchire basi, ataona pa Facebook zithunzi za ku Namaqualand ndi ku Biedouw Valley. Achinyamata ndiwo anaumirira zoti pakhalenso kukwera phiri. Ndinali ndi wondithandiza mmodzi, mtsikana wa satifiketi ya chithandizo choyamba ngati ine, amene ntchito yake ndi kutsekera kumbuyo kwa gulu. Tinali ndi minibasi, komanso kabakki (kagalimoto kotsegula kumbuyo) ka mkulu wa mpingo amene anabwera payekha ndi akazi ake.

Kuchokera ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 250. Mumatsata msewu wa N7, kudutsa Citrusdal, n'kukhotera kumanja kulowera ku malo a m'mapiriwa otchedwa Algeria, kukwera Uitkyk Pass, kenako kutsata msewu wa m'chigwa mpaka ku famu ya Dwarsrivier kumene mumadula chilolezo. Kuchoka poimika galimoto kufika pamwamba pa ming'alu ndi chikweza cha mamita pafupifupi 500. Anthu amphamvu amapitirira mpaka ku Wolfberg Arch, mwala waukulu woboola ngati khomo, koma ife Arch tinaichotsa pa dongosolo tisananyamuke n'komwe, chifukwa a zanyengo anali atalengeza kuti mphepo ya kumpoto chakumadzulo ikula masana ndipo mvula igwa madzulo. Ndinaika malire awiri: pamwamba pofika 12:30, pa galimoto pofika 3:30.

Kuno mvula imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi, ndipo maluwa amabwera ikamatha, mu Ogasiti ndi Seputembala. Kumtunda kwa mapiri amachedwerako kusiyana ndi m'zigwa za ku Clanwilliam. Maluwa ambiri amene anthu amadzera, aja achikasu ndi ofiirira oyala pansi, satseguka m'mawa. Amadikira dzuwa litenthe, amatseguka cha m'ma 11 koloko atayang'ana kudzuwa, ndipo pofika 3 kapena 4 koloko ayambanso kutseka. Kukachita mitambo satseguka n'komwe. Ndiye maluwa ndi phiri zimalimbirana maola omwewo, ndipo aliyense wotenga gulu m'nyengo imeneyi ayenera kusankhiratu kuti maola amenewo apereka kwa chiyani. Ine ndinakonza zoti tikwere m'mawa osaimaima, maluwa tidzaone potsika.

Fomu ya zaumoyo inadutsira kwa mlembi wa gulu. Anthu anaidzaza Lamlungu mapemphero atatha, onse pa tebulo limodzi, ndipo ena mlembiyo anachita kuwalembera. Awiri analemba BP, mmodzi mphumu. Pa fomu ya mayi amene tikunenawa panalembedwa kuti "palibe".

M'minibasi ndinafotokoza kuti dzina la mapiriwa linachokera ku mtengo wa mkungudza wa kuno, umene ndi wa mtundu umodzi wa Widdringtonia ndi mkungudza wa ku Mulanje uja unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Mayiwo, omwe kwawo ndi chakuPhalombe, anayankha ali kumpando wakumbuyo: "Mwananga, ine nkhuni ndinkatola m'phiri la Mulanje ndili kamtsikana. Kaphiri kanuko kandichita chiyani?" Anthu anaseka. Ndipo sananame, pokwera anali m'gulu la anthu asanu akutsogolo, akuyambitsanso makolasi. Ndikutchula izi chifukwa munthu amene anatidwalira si uja aliyense akanamuloza poyang'ana kayendedwe.

Zizindikiro zoyamba

Titaima pa filing'i siteshoni ku Piketberg, anthu anatsika kukagula tiyi ndi mapayi. Mayiwo anatsala m'galimoto atadzifunda chitenje. Wondithandiza anawaona, n'kuganiza kuti akugona, poti tinanyamuka 5 koloko m'bandakucha.

Tinayamba kukwera 9:15. Cha m'ma 10:30, tili pakati pa chitunda, maluwa a m'mbali mwa njira anayamba kutseguka ndipo gulu linaima lokha. Bambo wina wa m'galadeni anagwada pa katsinde ka duwa lotchedwa vygie, kofiirira, kotuluka mumchenga woyera, akukaphimba ndi chipewa kuti chithunzi chisawale kwambiri, uku akuuza anzake mtengo umene bwana wake amagulira kofanana nako ku nazale. Ena ankafuna kuthyola tinthambi tokabzala. Ndinawakumbutsa kuti dera lonseli ndi lotetezedwa, lili m'gulu la malo a Cape Floral Region amene UNESCO inawalemba mu 2004, ndipo kuthyola duwa ndi mlandu. Pamenepo tinatayapo mphindi 45. Sindinawakakamize kwambiri, popeza maluwa ndiwo anadzera, ndipo kuchotsa Arch kunatisiyira mpata.

Pakamwa pa ming'alu tinafika 11:45, anthu ali thukuta kamukamu m'matisheti a thonje a mpingo. Ndinalamula kuti aliyense adye kanthu ndi kuvala juzi asanalowe. Mayiwo analandira nthochi, n'kuiponya m'kachikwama ka m'chiuno. Juzi yawo inali m'chikwama chachikulu chimene mnyamata wina anawanyamulira mwaulemu, ndipo mnyamatayo analowa kutsogolo.

Ming'alu yodziwika ndi iwiri. Waukulu ndi wongoyenda pa miyala, ndipo ndiwo anthu ambiri amatsikira. Wopapatiza ndi nkhani ina: makoma a mwala wofiira otalika kwambiri mbali zonse, dzuwa limalowamo kanthawi kochepa, miyala ikuluikulu inakakamira pakati, ndipo pali malo pamene umavula chikwama n'kukwawa ngati mbewa mu una. Pamalo otero amadutsa munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Ndinafunsa amene akufuna kudzera ku waukulu ndi wondithandiza uja. Palibe anakweza mkono.

Pokwawira paja tinapeza gulu lina likudutsa. Titawerengera kudikira iwo ndi kudutsa kwa anthu athu 14 ndi zikwama zawo, anthu anaima mumthunzi nthawi yoposa theka la ola, zovala zili zonyowa, mphepo ikuwomba motsatira mng'alu. Kunja kunali kotentha koti n'kuyenda wa malaya okha. M'katimo anthu ankapuma m'manja.

Zimene ndinapeza

Nthawi ili 12:40 mayiwo anali atadutsa pokwawira ndipo anakhala pa mwala. Makolasi anali atatha kalekale. Mnzawo wapamtima, mayi wa msinkhu womwewo, anawafunsa ngati akufuna madzi, ndipo anamukalipira mawu amene anthu onse anatembenuka nawo. Ndinapita kukagwada patsogolo pawo. Zala zinkalephera kutsegula zipi ya kachikwama. Manja ankanjenjemera. Mtima unkathamanga, ndinawerenga kupitirira 110 pa mphindi, munthu atakhala pansi kwa kanthawi. Chimene chinandiimitsa mutu ndi thukuta: linali mikandamikanda pamphumi ndi pamwamba pa mlomo, latsopano, lozizira, pamene ena onse anali atauma kale ndipo akunjenjemera ndi chisanu. Munthu wongozizidwa satuluka thukuta latsopano.

Ndinafunsa kuti lero ndi lachingati. Anati Lamlungu, lilime likulemera ngati munthu wolawa mowa. Ndinawapempha amwetulire, nkhope inali yofanana mbali zonse. Anakweza manja onse awiri ndipo palibe unagwa. Sanagwe kapena kugunda mutu pokwawa, wondithandiza anali pambuyo pawo penipeni. Choncho sitiroko ndinaiika pambali koma osaiiwala. Kutalika kwa phiri sikukanakhala chifukwa, malowa ndi otsika kwambiri poyerekeza ndi pamene mpweya umayamba kuvuta. Kunatsala chisanu ndi shuga.

"Amayi, mwadya chiyani lero?"

Anayang'ana kumbali. Mnzawo uja anandikoka malaya n'kundinong'oneza kuti akusala, lero ndi tsiku lachitatu, amamasula 6 koloko madzulo, ndipo akusalira mwana wawo amene akudwala kumudzi. Ndinafunsa za mankhwala. Anatsegula kachikwama kaja, pansi pa nthochi panali timapepala tiwiri ta mapiritsi: metformin ndi glimepiride. Anali atamwa onse m'minibasi ndi madzi, chifukwa a nesi anawauza kuti asamadumphitse tsiku.

Apa anzanga mumvetse bwino, chifukwa si mapiritsi onse a shuga amene amachita zofanana. Metformin payekha kawirikawiri satsitsa shuga mpaka pangozi. Glimepiride, pamodzi ndi mbale wake glibenclamide amene ambiri kumudzi amamudziwa, amakakamiza thupi kutulutsa insulin, yomwe imatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kapena sanadye, ndipo mphamvu yake imatha kukhala m'thupi tsiku lathunthu. Onjezerani masiku atatu osadya bwino, chikweza cha mamita 500, kenako kunjenjemera, kumene nakonso kumadya shuga. Ndipo ziwirizi zimakokana: chisanu chimamaliza shuga, shuga akatsika kwambiri thupi limalephera kunjenjemera, ndiye munthu amazizira msanga. Makina oyezera shuga ndinalibe, mayiwo awo anasiya kunyumba. Lamulo la chithandizo choyamba ndi lomveka pamenepa: ukakayikira, pereka shuga. Ngati shuga anali wokwera, masupuni anayi sawonjezera ngozi yaikulu. Ngati anali wotsika, amapulumutsa ubongo.

Kukana

Ndinatulutsa maswiti a glucose. Mayiwo analuma mano n'kukankha dzanja langa. "Mukufuna ndiphwanye pangano? Kwatsala maola asanu okha."

Pa nkhani yonseyi apa ndi pamene panali povuta koposa, kuposa miyala ndi mphepo. Kukana kumeneku kunali ndi mbali ziwiri. Munthu wa shuga wotsika amachita makani ngakhale pa zinthu zopanda pake, ndi chizindikiro cha matendawo. Koma mayiwa analinso ndi chifukwa chenicheni, chimene anachisunga masiku atatu. Kuwakanikiza chakudya m'kamwa sikukanatheka: munthu wosokonezeka akhoza kutsamwa, komanso simungagwire mayi wa msinkhu uwu pamaso pa mpingo wake. Kuwalalikira za insulin kunalinso kutaya nthawi. Kwa iwo ine ndinali mwana, wolembedwa ganyu yowaonetsa njira. Mnzawo anayesa, koma anali mnzawo chabe, wosala naye limodzi.

Ndinatuma mnyamata kukaitana mkulu wa mpingo, amene anali mamita ochepa kutsogolo, ndi kubweretsa chikwama cha juzi. Ndinamuuza mkuluyo mawu ochepa: "Abambo, amayiwa akapanda kumwa shuga m'mphindi khumi zikubwerazi akomoka, ndipo muno sitingawatulutse. Ine sandimvera." Bamboyo anavula chipewa, anagwada, anapemphera mwachidule kwambiri, kenako anati: "Amayi, ndakumasulani ndine. Ngati pali mlandu ukhale pa ine. Imwani." Anatenga kapu m'manja mwanga n'kuwapatsa yekha. Anamwa.

M'kapumo munali tiyi wa rooibos wa mufulasiki, wothira masupuni anayi a shuga. Mulingo wake ndi magalamu 15 mpaka 20 a shuga wolowa msanga, ndiye kuti masupuni ang'onoang'ono anayi, kapena theka la chitini cha Coca-Cola wamba, osati uja wopanda shuga. Wina anatambasula chokoleti, ndinamuuza asunge kaye, mafuta ake amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Kuchokera pamene ndinaona thukuta kufika pamene anameza panadutsa mphindi pafupifupi 12.

Nthawi yonseyi wondithandiza ankalimbana ndi chisanu. Anayala zikwama ziwiri kuti mayiwo achoke pa mwala. Azimayi anatambasula zitenje n'kupanga mpanda, abambo tinatembenuka, ndipo anawavula tisheti yonyowa ija n'kuwaveka juzi, jekete langa la mvula, chipewa cha ubweya, kenako bulangete lija lonyezimira la m'bokosi la chithandizo choyamba. Azimayi awiri anakhala mowapanikiza uku ndi uku. Zitenje zimene ndinkadandaula nazo m'mawa kuti zikola m'miyala ndizo zinagwira ntchito imeneyi.

Patatha mphindi 15 anafunsa kuti bwanji aliyense akuwayang'ana. Tsiku analitchula molondola. Manja ankanjenjemerabe, ndiye ndinabwereza mulingo womwewo, kenako buledi wopaka chiponde ndi nthochi ija, kuti pakhale chakudya chokhalitsa. Akanapanda kutha kumeza, sindikanawapatsa kanthu kakumwa. Ndikanawagoneka chammbali n'kuitana opulumutsa nthawi yomweyo.

Kutsogolo kapena kubwerera

Kubwerera kunatanthauza kuwakwawitsanso pansi pa mwala uja chotsetsereka, kumene kuli kovuta kuposa chokwera, ndi kukhalitsa mumthunzi. Kutsogolo kunatsala mtunda waufupi, wokhala ndi malo angapo okwera ndi manja, kenako dzuwa ndi mng'alu waukulu wotsikira. Kukhala pomwepo kudikira thandizo kunatanthauza maola angapo m'malo ozizira koposa pa phiri lonse, mvula ikubwera. Ndinasankha kutsogolo.

Kachipangizo kotumizira uthenga pa setilaiti sikagwira m'kati mwa mng'alu, kamafuna thambo loonekera bwino. Ndinapatsa wondithandiza kachipangizoko ndi anthu asanu ndi anayi kuti atuluke pamwamba, atumize uthenga kwa mnzathu wa ku Cape Town amene amatidikirira pafoni tikakhala m'phiri, ndipo iyeyo adziwitse a Wilderness Search and Rescue, gulu lopulumutsa anthu m'mapiri, za malo athu, za wodwala, ndi kuti pakadali pano tikuyenda tokha. Ine ndinatsala ndi mayiwo, mnzawo, mkulu wa mpingo ndi anyamata awiri amphamvu. Tisanasiyane tinagwirizana zinthu zinayi zoti chimodzi chikachitika adine batani la SOS osadikiranso mawu anga: mayiwo akasokonezekanso osabwerera pambuyo pa shuga, akasanza, akalephera kuima okha, kapena tikapanda kutulukira pamwamba pofika 2:15. Mnyamata mmodzi ndiye ankathamanga ndi mauthenga pakati pa magulu awiriwa. Malire oterewa ndi bwino kuwanena mokweza pamaso pa munthu wina mutu usanatenthe, chifukwa ukakhala ndi wodwala amene akuoneka bwinoko umangodziwonjezera mphindi khumi, kenako khumi zina.

Tinatulukira 2 koloko itangokwana. Mphepo inali itakula, mitambo yopyapyala itayamba kuyala kumadzulo. Tinabisala kuseri kwa mwala kumene kunali dzuwa, mayiwo anadya mpunga ndi nkhuku zimene akazi a mkulu uja ananyamula. Gulu lalikulu ndinalilola litsike ndi wondithandiza, ndipo iwo anapezadi maluwa a m'munsi akadali otseguka.

Ife tinatsika pang'onopang'ono, mnyamata mmodzi kutsogolo, ine pambuyo nditagwira lamba wa kachikwama kawo pa malo otsetsereka. Mphindi 20 zilizonse ankadya kanthu, afune asafune. Ngakhale zinali choncho, 3:20 tili pa njira yokhotakhota ya pa chitunda anangoti zii, ndipo thukuta lija linabweranso pamphumi. Theka la Coca-Cola ndi kukhala pansi mphindi 15 zinawabweza. Kutsika kwachiwiri kumeneku ndiko kunanditsimikizira kuti piritsi likugwirabe ntchito ndipo nkhani sinathe. Pa galimoto tinafika 4:40.

Mkangano wa pa galimoto

Mayiwo anali atachira, akuseka, akupepesa mnzawo. Ankafuna kukwera minibasi kubwerera ku Cape Town. Zifukwa zawo zinali zitatu ndipo zonse zinali zenizeni: mawa ali ndi ntchito, ndalama za chipatala alibe, ndipo mapepala awo okhalira m'dziko muno anali asanatuluke. Anthu ena a m'gululo anawavomereza, nati Mulungu wachita kale.

Ndinakana, ndipo ndinanena pamaso pa mkulu wa mpingo kuti andithandize. Ulendo wa ku Cape Town ndi maola oposa atatu usiku, aliyense m'minibasi akugona, ndipo munthu wokomoka ndi shuga amaoneka ngati wagona. Akafika amakagona okha m'chipinda cha lendi. Piritsi lomwe lawagwetsa kawiri likhala m'thupi mpaka mawa. Za mapepala ndinawauza zimene zili m'malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, ndime 3: munthu aliyense sangakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Mkulu uja analonjeza kuimbira yekha abwana awo. Mayiwo anavomera monyinyirika.

Anapita pa kabakki ndi mnzawo, mkuluyo ndi wondithandiza, amene anakhala nawo pafupi akuwayankhulitsa ndi kuwadyetsa njira yonse. Chipatala cha m'tauni yapafupi chili pa mtunda wa ola limodzi ndi theka. Atawayeza anapeza 3.3, pamene chilichonse chotsika kuposa 3.9 chimawerengedwa kuti shuga watsika, ndipo apa n'kuti atadya ndi kumwa zonse zija. Kutentha kwa thupi kunali kutabwerera m'malo. Anawaika diripi, anagona komweko akuyezedwa usiku wonse, ndipo anatuluka mawa lake masana ndi kalata yopita nayo ku kiliniki yawo. Mvula inayamba cha m'ma 7 koloko, minibasi ili kale pa N7. Patapita milungu iwiri anandiuza pafoni kuti a dokotala awasinthira mankhwala ndipo awalangiza zoti azikafunsa kaye asanayambe kusala.

Zokambirana ndi anzanga

Mnzanga wina amene wakhala nthawi yaitali m'magulu opulumutsa anthu sanagwirizane nane pa chinthu chimodzi. Iye akuti munthu akangosokonezeka mutu m'malo ngati aja, SOS idinidwe pomwepo, chifukwa opulumutsa amatenga maola kuti afike ku Cederberg ndipo kuwabweza pa njira n'kosavuta kusiyana ndi kuwaitana mochedwa. Mfundo yake ndi yolemera. Yankho langa ndi loti helikopita sikanatha kuwatola m'kati mwa mng'alu, choncho kutulukira pamwamba kunali kofunika mulimonsemo, ndipo opulumutsawo anali atadziwitsidwa kale. Pamene tikusiyana ndi pa mphindi 15 zoyamba zija: iye akanadina asanaone ngati shuga wagwira, ine ndinadikira kuti ndione. Akanakhala kuti mayiwo anakana mpaka mapeto, njira yake ikanatipatsa theka la ola. Sitinamalize kukambirana.

Wina anafunsa ngati gaidi aziyenda ndi makina oyezera shuga. Kwa ine makinawo sakanasintha chimene ndinachita mu mng'alu, ndikanaperekabe shuga. Akanathandiza pa galimoto, kuonetsa nambala kwa munthu amene akuti ali bwino. Chimene ndimachita tsopano ndi kupempha wodwala shuga aliyense kuti anyamule makina ake.

Fomu yodzazira pagulu ndi yopanda ntchito kwa anthu athu. Matenda a shuga, a khunyu, ngakhale mankhwala otalikitsa moyo, munthu sangawatchule mlembi wa mpingo akulemba, anzake ali pamzere. Mayiwa anandiuza pambuyo pake kuti ankaopanso kuti akanena ndiwasiya. Tsopano fomu imabwera kwa ine ndekha pa WhatsApp, ndipo m'mawa wa ulendo ndimapatula munthu aliyense kwa mphindi imodzi pamene ena akumanga nsapato. Sindifunsa kuti "mukudwala?", yankho lake limadziwika kale. Ndimafunsa kuti wadya chiyani m'mawa uno ndipo wamwa mankhwala anji. Kwa azimayi aakulu amafunsa ndi wondithandiza. Pa malo opumira, mmodzi wa ife sadya, amayang'ana amene sakutafuna.

Pa ming'alu penipeni, juzi iliyonse izikhala pathupi pa mwini wake asanalowe, osati m'chikwama cha munthu wina, ndipo gulu loposa anthu asanu ndi atatu ndimaligawa pawiri, theka lizidikira padzuwa kunja mpaka theka loyamba litadutsa pokwawira. Ndimafufuzanso ulendo usanayambe kuti m'gululo ndani amene mawu ake amamveka, m'busa, mkulu wa mpingo kapena mayi wamkulu wa chigwirizano, ndipo ameneyo ndimamuika pakati pa mzere, osati kutsogolo.

Za kusala ndimazinena kwa wokonza ulendo sabata imodzi tsiku lisanafike, chifukwa miyezi ina mipingo yathu imalengeza kusala kwa onse ndipo tsiku la tchuti limagwera momwemo. Wosala amene samwa mankhwala aliwonse ndimamulola njira zazifupi za m'munsi, koma mu mng'alu wopapatiza ayi. Wosala amene ali pa insulin, glimepiride kapena glibenclamide sakwera nane konse, pokhapokha adye ine ndikuona. Magulu ambiri amangosuntha tsiku. Gulu limodzi linayankha kuti nkhani ya kusala ndi ya munthu ndi Mulungu wake, gaidi isamukhudze, ndipo anakapeza wina wowatsogolera.